Kutcha Mwana Dzina Ndili Pamwamba pa Chulu

Lolemba

Uthenga wafika. Dorika, mng'ono wanga wa kumudzi ku Dedza, anaujambula sabata yatha, koma walowa lero, mpongozi wanga Mai Farai atatenga foni yanga kupita nayo kumabani owotchera fodya. Muno m'komboni netiweki simalowa. Imafika pa geti la pulazi n'kubwerera, ngati mlendo woopa agalu.

Nkhani ndi iyi: Tadala, mdzukulu wa Dorika, wachira. Mwana wamkazi. Atuluka m'chikuta Loweruka, ndipo mbumba yagwirizana kuti dzina nditche ine.

Ndaumvetseranso, kuti mwina akunena munthu wina. Akunena ine.

Ndinachoka kwathu nditangokwatiwa kumene, kutsatira malemu bambo a Josamu kuno ku Tengwe, kutali kunja kwa Malawi. Ndaphunzitsa ana a m'mapulazi mpaka choko chinandiumitsa zala. Chichokereni changa, pa mbumba yathu pabadwa ana khumi ndi asanu ndi anayi, mayina awo ndimawadziwa motsatana, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamutcha ine. Ankangondiuza zitatha, ngati zotsatira za mpira. Tsopano akuti ndine mayi wamkulu wotsala. Ndi njira yaulemu yonenera kuti enawo anapita.

Dorika wawonjezera kuti: "Achemwali, musachedwe nazo. Azakhali ake a bambo wa mwanayu ayamba kale kukonza kukhosi. Ali ndi dzina lawo m'thumba, akuti Pirinsesi."

Pirinsesi. Mwana wodzakumba kachewere ku Dedza.

Dongosolo:
1. Kupeza malo a netiweki yokwanira foni yoonana nkhope. Mawu okha ayi. Sungatche dzina mwana amene sunamuone.
2. Foni idzaze moto.
3. Data. Josamu, mwana wanga, walonjeza kugula akatsika pa thirakitala.
4. Mphatso. Wotcha dzina safika chimanjamanja. Ndasankha msoti wa mawanga. Ndidzauonetsa pa foni, Dorika adzapereke wake m'malo mwake, zobwezerana tidzakambirana tikadzakumana, kaya kuno kaya kumwamba.
5. Kuyeserera Lachinayi.
6. Dzina. Lilipo kale, ndi la amayi athu. Mpaka lero palibe mwana walitenga, akuti n'lachikale. Sindiuza munthu mpaka Loweruka.

Nthawi ya kuno ndi ya ku Malawi ndi imodzi, ndatsimikiza. Vuto limodzi lachoka lisanayambe.

Nkhuku madzulo ano: khumi ndi imodzi. Zakwana.

Lachiwiri

M'mawa. Kafukufuku wa netiweki. Zida: ndodo, magalasi, foni, ndi Mai Farai, amene lero sanapite kukasankha fodya chifukwa akuti mutu.

Pakhonde panga: palibe kanthu.
Pa mjigo: kamzere kamodzi, kamene kamathawa munthu akangoyamba kupopa madzi. A sayansi afotokoze.
Kumabani: timizere tiwiri, koma utsi, phokoso ndi foromani. "Ambuya Ticha, pano si pa positi ofesi." Munthu ameneyu ndinamuphunzitsa kulemba dzina lake, ndipo S wake ankayang'ana kumbuyo.
Pamwamba pa thanki ya madzi: akuti kumeneko ndiye kwake, timizere tonse. Ndayang'ana makwerero, makwerero andiyang'ana. Tasiyana mwamtendere.
Chulu chachikulu kuseri kwa tchalitchi: titatu!

Koma chili ndi malamulo ake. Ufike pansonga penipeni, uime chilili, ukweze dzanja ngati mwana wodziwa yankho m'kalasi, nkhope n'kuyang'ana kumwamba ngati ukupempha mvula. Ukatsitsa foni kufika pa phewa, katsala kamodzi. Pachifuwa, palibe. Ndayesa mobwerezabwereza, zotsatira sizinasinthe.

Masana. Chulu chili ndi mwini wake. Ndinaiwala kuti ino ndi nyengo ya ngumbi. Anambewe, akazi awo a Zuze, mlonda wathu wochokera ku Tete, anachitchera kale: dzenje m'munsi, udzu pamwamba pa dzenjelo, beseni pafupi kudikira mvula yoyenera. Andipeza ndikutsika chokhala, monga mmene munthu wa msinkhu wanga amatsikira.

"Mukamapondaponda pamwambapo, Ambuya Ticha, ngumbi zanga ziyesa kunja kuli nkhondo. Sizituluka."

Takhala pansi, takambirana. Pangano lili ndi mfundo zitatu. Yoyamba, ndizikwerera mbali ya kum'mawa yokha, wopanda nsapato. Yachiwiri, ngumbi zikangoyamba kutuluka chulu chabwerera kwa mwini wake, ngakhale nditakhala pakati pa chiganizo. Yachitatu, ndiwafunsire kumudzi ngati akuwadziwa abale a bambo awo.

Anambewe anabadwira kuno, ku Malawi sanapondeko. "Abambo ankati kwawo ndi ku Dowa, pafupi ndi mtengo waukulu wa mkuyu." Ndawafotokozera kuti Dowa ndi Dedza ndi malo awiri osiyana, mpaka ndajambula mapu pansi ndi ndodo. Ayang'ana mapuwo nthawi yaitali, n'kuyeza ndi zala ziwiri. "Pafupitu apa." Ndavomera mfundo yachitatu.

Madzulo. Mai Farai wabenthula dothi la pachulu n'kumadya mobisa. Mutu m'mawa, dothi madzulo. Ndaona. Zoterezi amayamba kunena ndi mwini wake. Koma miyezi ndayamba kale kuwerenga chamumtima.

Nkhuku zakwana.

Lachitatu

Moto wa foni: 31.

Mawaya a magetsi amadutsa pamwamba pa nyumba zathu kupita kumabani. Fodya ali ndi magetsi, anthu ayi. Ife timadalira sola ya a Zuze. Ndapeza mafoni khumi ndi anayi atandandalika pa mphasa, onse akuyamwa batire imodzi ngati ana a nkhumba. Ambiri ndi tija kuno timatcha kambudzi, timafoni ta mabatani tosadya zambiri. Yangayi, imene mwana wanga wamkazi anatumiza kuchokera ku Joni, imadya ngati wokumba manda.

Kumwamba mitambo yokhayokha. A Zuze akuyendayenda sola ili pamutu, kusaka pamene dzuwa laboola. "Musadandaule, Ambuya, dzuwa lili momwemo, langofunda." Yoyamba kudya ndi wayilesi yawo, chifukwa akuti mlonda wopanda wayilesi amagona pa ntchito.

Andilowetsa pamzere polemekeza imvi. 44.

Masana. Josamu wagula data. Ndakwera chulu kuti ndione ngati yalowa. Yalowa. Pamodzi nayo zalowanso zonse zimene abale akhala akuponya pa gulu la banja chiyambire Khirisimasi:
maluwa ofunira anthu m'mawa wabwino, ochuluka kuposa a pakhomo pa mwini pulazi;
maliro a munthu amene sindikumudziwa, zigawo zitatu;
mbuzi yovala chipewa;
mlaliki wotuluka thukuta;
mbuzi yomwe ija, yotumizidwa ndi munthu wina.
Chithunzi cha mwana palibe. Ali m'chikuta, sajambulidwa. Apa pokha ndiye achita bwino.

Ndayesa kuzikaniza, kudinadina dzanja lili m'mwamba. Foni siimvera mphunzitsi. Theka la data lapita kwa mbuzi. Moto: 30. Ndiye kuti tsiku lonse ndakhetsa thukuta kuti nditaye 1.

Madzulo. Anambewe alankhula. Pakhonde panga pafika anthu asanu ndi awiri, aliyense ndi mtengo wake. Wina mango ku Ntcheu, wina mlambe ku Salima, wina ku Mchinji koma mtengo anaiwala. Agogo ena a ku Tete akuti Dedza ili pa malire pomwepo, wina angowafuulira abale awo tsidya linalo. Zoti ili pa malire n'zoona, ndipo n'chifukwa chake zandikwiyitsa.

Ndawauza kuti Loweruka ndi tsiku la mwana, si la kalembera. Onse avomera mwaulemu kwambiri. Mavomeredwe ake sindinawakonde.

Lachinayi

Kuyeserera. Moto: 47, a Zuze atalipeza dzuwa kuseri kwa khola la ng'ombe.

Mkono wanga sukhalitsa m'mwamba, choncho foni wagwira Mai Farai, ine ndaima pambali pake. Pansonga pa chulu pamakwana anthu awiri ogwirizana.

Kuimba koyamba. Khutu la Dorika. Ndalidziwa, lili ndi chipsera cha ndolo chija. Ndafuula kuti aichotse pa khutu. Thambo la ku Dedza. Nthambi za mtengo wa pichesi. Mphuno. Kenako nkhope yonse. Wakalamba mng'ono wanga. Anamupatsa chilolezo ndani? Ameneyu ndinkamubereka kumbuyo ine.

"Achemwali, mwaonda." Sindinaonde. Foni ili pamwamba, akundionera mmene amandionera khwangwala.

Kenako achimwene athu a Yobe, mwinimbumba, alowetsa mutu. Mano atatu. Pa chithunzi cha chaka chatha anali asanu. Ndisanapereke moni, Mai Farai wagwada, foni ili m'manja. Zii.

"Amai, sindingaime chilili pamaso pa apongozi. Zvinonyadzisa." Ndiye kuti n'zochititsa manyazi. Analeredwa bwino mwanayu, ndipo chifukwa cha maleredwe abwinowo tataya Malawi yense.

Kuimba kwachiwiri. Mai Farai waima, nkhope wayang'anitsa kumbali, akupepesa chamumtima. Zikuyenda. A Yobe afunsa za mvula ya kuno. Ndayankha. Ndafunsa za mvula ya kumeneko. Ayamba kuyankha kuchokera mwezi wa Novembala. Ali pakati pa Disembala, mayi ake a Tadala abwera kudzandipatsa moni, alandira foni ndi manja awiri, agwada. Zii. Nakonso netiweki ndi ya choimirira, pansi pa mtengo wa pichesi uja.

Mayiko awiri ogwadirana, palibe womva mnzake.

Kuimba kwachitatu. Dorika yekha, akunong'ona, ngakhale manong'onongwe ake akumveka mpaka m'tchalitchi. "Achemwali, zinthuzi mwaziona nokha. Bwanji mungondiuza dzinalo lero, ndilisunge, kuchitira mwina?"

Ndakana. Dzina si mchere woti ukasungitse kwa neba. Limatuluka pakamwa pa wotcha, mwana ali m'manja, anthu akumva. Amayi ankatero, ndipo Dorika analipo. Wausa moyo. "Azakhali aja agula kale kadiresi kapinki." Ndati agule ndi nsapato zomwe.

Malamulo a Loweruka, ndauza mbali zonse ziwiri:
1. Wogwira foni sagwada. Ena onse agwade mmene angafunire.
2. Wogwira foni sawomba m'manja.
3. Moni mmodzi wa onse.
4. Za mvula tikambirane mwana atalandira dzina.

Moto: 22. Mawondo: awiri, onse akudandaula.

Lachisanu

Mvula yowaza chiyambire m'mawa. Sola ya a Zuze yafunda thumba. Anambewe akuzungulira chulu chawo, akununkhiza mphepo. "Si iyi. Iyi ndi ya achule. Ya ngumbi imabwera dzuwa litayamba lawotcha."

Ndapita kwa foromani kukapempha kabowo kamodzi ka magetsi mu ofesi. Wavomera, mwina wakumbukira S uja. Nditangolumikiza, magetsi azima. Jenereta ndi ya fodya yekha. Ndakhala pa benchi, ndawerenga malata a denga, ndawerenganso kuchokera mbali inayo. Magetsi sanabwere.

Josamu wapeza nzeru: foni ikwere thirakitala, iziyamwa batire ya momwemo. Yapita kumunda kukatuta fodya tsiku lonse, yokulungidwa m'jumbo. Ine pakhomo ngati mayi amene mwana wake wayamba sukulu lero.

Pakadali pano:
Msoti wa mawanga wamva mphekesera, wakwera pa denga la chimbudzi. Tautsitsa ndi chimanga, taumanga mwendo ku mtondo. Ukundiyang'ana ndi diso limodzi.
Diresi yanga ya buluu ndachapa, siikuuma.
Amayi a kwaya abwera. Akuti amva kuti kuli mwambo, ndipo mwambo wopanda nyimbo ndi msonkhano wa foromani. Ndakana. Apita kukayeserera m'tchalitchi. Ndikuwamva ndili pano.

Mawu anga a mawa ndawadula mpaka zatsala ziganizo zinayi: kuthokoza, msoti, dzina, madalitso. Ndayeserera pamaso pa msoti, kupatula chachitatu. Ngakhale nkhuku isamve tsiku lisanafike.

Ndikuganiza za amayi. Anamwalira ine ndili kuno. Kalata inafika maliro atatha kalekale, udzu utamera pamanda. Sindinaponyeko dothi. Dzina lawo ndi chinthu chokhacho chimene ndingabweze kumudzi popanda pasipoti.

Madzulo. Foni yabwera, ikununkha dizilo. 58. Josamu akuti ikanadzaza, koma chingwe chinkazuka pa mzere uliwonse wa m'munda. Ndaizimitsa, ndaikulunga m'duku, ndaitsekera m'sutikesi. 58 pa ziganizo zinayi. Aliyense amene anaphunzirako masamu angaone kuti n'zokwanira.

Loweruka

M'mawa. Dzuwa, lowotcha ndithu. Ndathamangira kwa a Zuze. Akuti batire yawo inakomoka ndi njala, iyambe yakhuta yokha isanayamwitse ena. Anambewe akumwetulira chiyambire m'bandakucha, ndipo kumwetulira kwawoko sikukundisangalatsa.

Diresi yauma kutsogolo kokha. Ndavala. Foni imaona kutsogolo.

Tinapangana chakum'mawa. Ndatuma Mai Farai pa chulu: mwana akumumeta. Ndamutumanso: akudikira akuchimuna. Nthawi ya mayiko awiriwa ndi imodzi pa wotchi pokha. 53.

Madzulo. Ndilemba mwadongosolo, ngakhale zochitikazo zinalibe dongosolo.

Tanyamuka dzuwa litapendeka, ine, Mai Farai ndi msoti. Pofika pa chulu tili anthu makumi atatu ndi awiri. Kwaya yavala yunifolomu. Eni mitengo onse alipo, wa ku Mchinji wakumbukira kuti unali wa masuku.

Foni ndagwira ndekha, poti mawondo anga anapuma kale pa ntchito yogwada. Msoti uli m'khwapa mwa Mai Farai. Talumikizana. Timizere titatu. Pansi pa mtengo wa pichesi anthu adzaza.

A Yobe: "Tiyambe ndi pemphero." Izi sindinaziike m'malamulo, ndipo pemphero sulikaniza. Apempherera mwana, mayi ake, mvula, feteleza, boma la kumeneko, boma la kuno, odwala, apaulendo. Ndatsegula diso limodzi: 41. Mulungu andikhululukire.

Moni mmodzi wa onse. Ndapereka bwinobwino, ayankha pamodzi. Zikanathera pomwepo.

Koma kumbuyo kwa Dorika ndaona mtsikana wa mpata kumano, ngati wa amayi. Ndafunsa kuti ndi wa yani. Abwera naye pafupi. Ndafunsa kalasi yake. Ndiye woima pambali pake ungamudumphe? Ana khumi ndi asanu ndi anayi aja, amene ndinkangowadziwa mayina, lero ali ndi nkhope, ena ndevu, ena ana kumbuyo. Ndawaitana mmodzimmodzi motsata kubadwa, ngati m'mawa m'kalasi, ndipo ayankha. Atatu ali kutauni, mmodzi anatisiya. Lamulo lachitatu ndaliphwanya ndekha popanda wondikakamiza. 24.

Anambewe akoka diresi yanga kuchokera m'munsi. Pangano ndi pangano. Ndafunsa za mkuyu wa ku Dowa. A Yobe aganiza kwambiri, n'kunena kuti ali mnyamata anadutsako ku Dowa, ndipo mkuyu anauona ndithu, waukulu. Anambewe alira. Enawo ayamba kufuula mitengo yawo, a Yobe akuvomera uliwonse. Kwaya yayamba yokha. Chakumadzulo kwada bii. 9.

Ndatulutsa mawu a m'kalasi. Mayiko onse awiri akhala chete.

Tadala watuluka m'nyumba pang'onopang'ono, mwana ali m'nsalu. Dorika wavundukula. Kankhope kofiirira, kamutu kometedwa kumene, pamphumi pokwinya ngati kakufunsa kuti wachedwetsa mwambo ndani. Ndathokoza. Mai Farai wakweza msoti, msoti wanenapo zake. Ziganizo ziwiri zatha. 5.

Dorika wabweretsa mwana pafupi mpaka wadzaza galasi lonse. "Achemwali, landirani mwana wanu."

Ndalandira.

Mwana salandiridwa ndi dzanja limodzi lili m'mwamba. Manja anga amadziwa zimenezo kuposa mutu wanga. Ndatsitsa foni, ndaifukata pachifuwa, dzanja lina pansi pochirikiza mutu. Ndanena momveka, mosathamanga: "Mwana uyu ndi Enelesi."

Nthungululu m'munsi mwa chulu. Ndamaliza madalitso onse osadumpha liwu. Kenako ndayang'ana m'manja mwanga. Pachifuwa palibe netiweki. Ndinalemba ndekha Lachiwiri. Ndakweza dzanja msangamsanga. Foni yathwanima kamodzi, yazima.

Dontho loyamba lagwera pa galasi. Ndafunsa ngati alipo wa kambudzi. Onse ali nato, koma palibe kamene kali ndi mayunitsi owolokera malire. Mvula yatithira titabisala pa khonde la tchalitchi, ndipo itangodukiza, chulu chonse chafuka mapiko. Ndinali nditakweranso theka ndi kambudzi ka Josamu, amene wafika mochedwa koma ali ndi mayunitsi. Anambewe: "Pangano lija, Ambuya Ticha. Tsikani." Kwaya yaika mabuku pansi, yanyamula mabeseni. Msoti wapulumuka m'khwapa, wadya ngumbi mpaka kulephera kuthawa.

Ndiye kuti dzina la amayi lamvedwa ndi anthu makumi atatu ndi awiri a ku Tengwe, ndi nkhuku imodzi. Ku Dedza, palibe.

Pirinsesi. Ndikuyeserera kulitchula kuti pakamwa pazolowere.

Lamulungu

Mawondo akana tchalitchi, ndawakakamiza. Kwaya yonse milomo ikunyezimira mafuta a ngumbi. Aliyense akundiyamikira kuti mwambo unali wokongola kwambiri.

Foni yatsala pa sola nthawi ya mapemphero. Chulu sindikweranso, ndatuma Mai Farai. Watsika nayo ngati wanyamula dzira. Uthenga wa mawu umodzi, ndi mbuzi ija.

Dorika. Akuti chomaliza chimene anaona ndi mabatani a diresi ya buluu, kenako mdima. Anadikira mpaka ndiwo zinazizira. Mwana sakanalowa m'tchalitchi lero wopanda dzina. Azakhali aja anaimirira, n'kukonza kukhosi. A Yobe anawakhazika pansi: mwanayu walandiridwa kale, tonse taona, anamufukata, ndipo wina sangatche mwana amene ali m'manja mwa mnzake. Popeza mawu a womufukatayo anatsalira panjira, mwana atenge dzina la iye mwini.

Osati la ubatizo limene lili pa satifiketi yanga ya uphunzitsi. La kumudzi. Lija ndinalisiya pa geti la sukulu ya mishoni n'kulichenjeza kuti lisadzanditsatenso.

Lekeleni.

Ndinakonza Enelesi, dzina loyera ngati nsalu ya paguwa, iwo atcha mwana wosalakwa Lekeleni. Kusukulu adzamuseka. Ine anandiseka. Kadiresi kapinki wavala kale, akuti kamukwana.

Kumapeto kwa uthenga Dorika waiwala kuzimitsa. Akumveka akumutonthoza: "Lekeleni, Lekeleni, tonthola, amako akubwera." Mawu a Dorika atakalamba afanana ndi a amayi. Chichokereni kwathu palibe wanditchula choncho. Malemu ankati amayi a Josamu, komboni imati Ambuya Ticha.

Mai Farai wakhala pansi pafupi ndi mapazi anga, akupeta mapiko a ngumbi m'lichero, osandiyang'ana. "Amai, dzina la dzulo lija, poti silinafike, lili ndi ntchito?" Ndati lilibe. "Mulisungeko mpaka mphepo ya Ogasiti." Ndati ndikudziwa, ndinawerenga kale. "Nanga akakhala mwamuna?" Ndati mavuto tiziwatenga amodziamodzi.

Dongosolo latsopano:
1. Ameneyo ndidzamutcha nditakhala pa mphasa, manja onse awiri.
2. Msoti ukhale. Ndi wa Lekeleni, ndikungomuwetera.
3. Kufunsa Josamu mmene amachotsera mbuzi.

Nkhuku: khumi ndi imodzi. Moto: 12, ndipo ukutsika, chifukwa uthenga wa Dorika sufuna netiweki, umamveka ngakhale pachifuwa. Ndaumvetsera kangati masana ano sindikudziwa. Sindinawerenge.